Lamba Wanga Anatsala Pakhomo la Kachisi ku Chittorgarh

## Pakhomo

Patha zaka zingapo chibwerereni ku India, koma nthawi zina ndikamamanga lamba m'mawa ndimakumbukirabe bambo wina wachikulire amene anandiimitsa pakhomo la kachisi n'kuloza m'chiuno mwanga osanena kanthu. Nsapato ndinali nditavula kale, chifukwa mwambo umenewo ndinauphunzira sabata yoyamba yomwe. Ndinayang'ana malaya anga, ndinayang'ana thalauza, koma sindinaone cholakwika. Mnzanga amene ndinali naye, mwana wa komweko ku Rajasthan, ndiye anandinong'oneza kuti vuto linali lamba, popeza anali wachikopa, ndipo kachisi amene tinkafuna kulowamo anali wa Ajaini, anthu amene salola kuti chinthu chochokera ku nyama yophedwa chidutse pakhomo la malo awo opempherera.

Ndinavula lambayo, ndinatulutsanso kachikwama ka ndalama kamene nakonso kanali kachikopa, ndipo bambowo anaziika pambali pa nsapato za anthu ena. Sanakwiye kapena kundinyoza. Anangodikira mpaka nditamaliza, kenako anapatuka kuti ndidutse. Chimene chinandivuta mumtima chinali malo amene zimenezi zinkachitikira. Tinali pamwamba pa phiri la Chittorgarh, m'kati mwa linga limene mbiri yake ndi ya nkhondo, pamene anthu masauzande ambiri anafa ndi lupanga ndi moto, ndipo m'kati mwa linga lomwelo munali nyumba imene ngakhale chikopa cha ng'ombe yofa kalekale sichinkaloledwa kulowa. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti zinthu ziwirizi zinakhalira limodzi bwanji kwa zaka mazanamazana.

## Ndinapitira makoma

Ntchito yanga ndi yophunzitsa achinyamata zomangamanga, ndipo ku India ndinapita kukachita maphunziro a miyezi itatu mumzinda wa Udaipur. Loweruka lina mnzangayo anati tikwere basi tipite ku Chittorgarh, ndipo ndinavomera chifukwa cha makoma okha. Ndinali nditamva kuti ndi limodzi mwa malinga aakulu kwambiri m'dziko la India, ndiponso kuti mu 2013 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse pamodzi ndi malinga ena 5 a ku Rajasthan, omwe ndi Kumbhalgarh, Ranthambore, Gagron, Amber ndi Jaisalmer. Za akachisi sindinaganizeko n'komwe.

Phirilo ndi lathyathyathya pamwamba, lotalika mamita pafupifupi 180 kuchokera m'chigwa, ndipo linga lake lazungulira malo a mahekitala pafupifupi 280. Kuti ufike pamwamba umadutsa zipata 7, kuyambira Padan Pol kumunsi mpaka Ram Pol pamwamba, ndipo msewu umakhota mwadala pakati pa chipata ndi chinzake kuti gulu la adani kapena njovu ya nkhondo isapeze pothamangira. Ine ndinkayang'ana makulidwe a khoma ndi kayalidwe ka miyala, moti sindinalabadire kuti zipata zambiri zili ndi mayina a milungu, monga Hanuman, Ganesh ndi Ram.

Linga limeneli linali likulu la ufumu wa Mewar, ndipo linagwa katatu: mu 1303 linagonja kwa Alauddin Khalji wa ku Delhi, mu 1535 kwa Bahadur Shah wa ku Gujarat, ndipo mu 1568 kwa mfumu Akbar, imene inalizinga kwa miyezi inayi. Anthu a kumeneko amasimba kuti nthawi zonse zitatu, chiyembekezo chitatha, amayi a m'lingamo anadziponya pamoto pa mwambo wotchedwa jauhar, ndipo amuna anatsegula zipata n'kupita kukafera kunkhondo. Pambuyo pa 1568 likulu linasamukira ku Udaipur, mzinda umene Udai Singh II anayambitsa mu 1559, ndipo pamene mafumu a Mewar anapangana za mtendere ndi Jahangir, mwana wa Akbar, mu 1615, phirilo linabwezedwa kwa eni ake pa mfundo yakuti makoma ake asadzakonzedwenso. Nyumba yachifumu ya Rana Kumbha, mmodzi mwa mafumu a Mewar, tinaipeza ilibe denga, anyani a nkhope zakuda akudumpha pazipupa. Koma tili m'mabwinja momwemo, tinkamva mabelu akulira chapafupi ndipo fungo la lubani linkatipeza ndi mphepo.

## Mpunga pa kathebulo

Kachisi amene ndinavulira lamba amatchedwa Sat Bis Deori, dzina lotanthauza tiakachisi 27, chifukwa kachisi wamkulu wazunguliridwa ndi tizipinda topempherera tondandalikana m'mbali mwa bwalo. Titangolowa, phokoso la magalimoto ndi la ogulitsa malonda linatsala kunja. Mwala wa pansi unali wozizira kumapazi ngakhale kuti dzuwa linali litakwera. M'tizipindamo munali zifaniziro za munthu wokhala pansi atapinda miyendo, manja atawasanjika pamiyendopo, msana utawongoka, ndipo nkhope zake zinali zofanana kwambiri moti poyamba ndinaganiza kuti ndi munthu mmodzi wosemedwa kambirimbiri.

Bambo aja, amene anatitsatira m'kati chifukwa ndiwo ankasamalira kachisiyo, anandionetsa kachizindikiro kosemedwa kunsi kwa mpando wa chifaniziro chilichonse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nditawerama ndinaona kuti n'zosiyanadi. Ng'ombe yamphongo ndi chizindikiro cha Adinatha, woyamba pa aphunzitsi 24 amene Ajaini amawalemekeza. Gwape ndi wa Shantinatha, njoka ndi ya Parshvanatha, ndipo mkango ndi wa Mahavira, womaliza, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, m'nthawi imodzi ndi Buddha. Aphunzitsiwa amatchedwa Tirthankara, kutanthauza munthu amene anakonza dooko, amene anapeza powolokera mtsinje n'kusiyira ena njira. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anagwira chida m'manja, chikhalirecho kunja kuja pafupifupi khoma lililonse linali ndi mulungu wonyamula lupanga, mkondo kapena chibonga.

Mayi wina amene anabwera ndi banja lake anakhala pansi kutsogolo kwa kathebulo kafupi n'kuthirapo mpunga wosaphika. Ndi chala chimodzi anayamba kuuyala pang'onopang'ono mpaka panaoneka chizindikiro cha swastika. Ndinadzidzimuka, chifukwa chizindikirocho ndinkachidziwira m'mabuku a mbiri ya Hitler, koma ku India chakhala chopatulika kwa zaka masauzande iye asanabadwe. Kwa Ajaini, mikono yake inayi imaimira mitundu inayi ya moyo imene mzimu umabadwiramo mobwerezabwereza: wa munthu, wa kumwamba, wa nyama ndi zomera, ndi wa ku malo a chilango. Pamwamba pake mayiyo anaika timilu titatu ta mpunga, toimira chikhulupiriro cholungama, chidziwitso cholungama ndi khalidwe lolungama, ndipo pamwamba pa zonse anajambula kamwezi kokhala ndi kadontho, komwe ndi malo a mizimu imene inamasuka ndipo sidzabadwanso. Chiphunzitso chonse cha chipembedzo chawo chinakwana pa kathebuloko, cholembedwa ndi mpunga wodzaza dzanja limodzi.

Nthawi imeneyo bambo aja anali atamanga kansalu kukamwa ndi pamphuno, kuti mpweya wawo usafike pa chifaniziro. Anachotsa maluwa a dzulo mosamala, n'kupukuta mwalawo ndi kaburashi kofewa ka nthenga asanathire madzi, kuopera kuti mwina kanyerere kanabisalamo usiku. Ndinaima n'kumayang'ana kwa nthawi yaitali. Atamaliza ndinapempha mnzanga kuti andimasulire, ndipo ndinafunsa kuti, "Bambo, kodi anthu akabwera kuno amapempha chiyani kwa amenewa?"

Anamasula kansalu kaja n'kuyankha modekha kuti, "Mwana wanga, kwa awa sapempha kanthu. Awa anawoloka kale, ndipo sabwerera kudzamva za munthu. Amene wabwera kuno amabwera kudzaona mmene iye mwini ayenera kukhalira."

Ndinafunsanso kuti nanga mpungawo ndi zipatso zimene zinali pambali pake adya ndani. Anamwetulira n'kudziloza pachifuwa. Anati Mjaini sabwerera ndi chimene wapereka ndipo sachidya, chifukwa popereka ndiye kuti wachisiya. Kenako anawonjezera mawu amene ndinapempha mnzanga kuti awabwereze, poganiza kuti sindinamve bwino: "Ine si Mjaini ayi. Ndine Mhindu. Bambo anga ankagwira ntchito yomweyi. Ine ndikakhala ndi chopempha, ndimapita kwa Amayi." Anatero akuloza chakum'mwera, kumene kuli kachisi wa Kalika Mata, kutanthauza Amayi Kali, mulungu wamkazi wa Ahindu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti zimenezi si zachilendo, pakuti mu akachisi ambiri a Ajaini a gulu la Shvetambara, limodzi mwa magulu awo awiri aakulu, anthu olembedwa ntchito yosamalira zifaniziro tsiku ndi tsiku amakhala Ahindu.

## Mawu amene sanandikwanire

Ndine Mkhristu, ndinakulira mumpingo, ndipo kwa zaka zambiri ndaphunzitsa ana Sande sukulu. Ndinakwera phiri limenelo ndili ndi mawu amodzi okha onenera zonse zimene ndinkaona, mawu akuti mafano, ndipo kumbuyo kwake kunali Salimo 115 lija lonena za zinthu zokhala ndi maso koma zosapenya, zokhala ndi makutu koma zosamva. Chimene chinandisokoneza n'chakuti Mjaini sangatsutse kuti mwalawo sumva. Amapitirira pamenepo n'kunena kuti ngakhale mwini chifaniziroyo salowerera pa za dziko lino. N'zoona kuti Ajaini ali ndi milungu ina yotumikira aphunzitsi awo, monga Padmavati ndi Ambika, imene anthu wamba amaipempha thandizo pa zovuta za moyo, koma imeneyo imakhala pambali. Pakati pa kachisi pamakhala amene sayankha.

Masana tinapita kwa Kalika Mata, ndipo kumeneko zinthu zinali zina. Mabelu ankalira mosalekeza, anthu ankapanikizana pamasitepe atanyamula kokonati, maluwa ndi nsalu zofiira, ndipo aliyense ankalimbikira kufika pamalo pamene angaone nkhope ya mulungu wamkaziyo. Mnzanga, amene ndi Mhindu, anandiuza kuti chimene amabwerera chimatchedwa darshan, kuona mulungu ndi kuonedwa naye, chifukwa amakhulupirira kuti m'chifaniziro chimene chinapatulidwa mwa mwambo mulungu amakhalamo ndithu. Anapereka maswiti kwa wansembe, ndipo ena anabwezedwa m'manja mwake ngati prasad, chakudya chodalitsidwa choti akagawane ndi a kunyumba. Kachisiyo anamangidwa m'zaka za m'ma 700 ngati nyumba ya Surya, mulungu wa dzuwa, ndipo anaperekedwa kwa Kali m'zaka za m'ma 1300.

Choncho pa mtunda woyenda wapansi panali zikhulupiriro ziwiri zonena zinthu zosiyana kwambiri za mwala wosemedwa. Ena amati mulungu alimo, amakuona ndipo amakubwezera chakudya, pamene ena amati amene wasemedwayo anapita ndipo chimene wapereka usachitengenso. Ine ndinali nditazimanga zonse m'mtolo umodzi. Chikhulupiriro changa sichinasinthe, ndipo sindinagwadire mwala uliwonse paphiripo. Koma ndinazindikira kuti ndakhala ndikuphunzitsa ana za anthu amene sindinawafunsepo funso ndi limodzi lomwe, ndipo n'chimodzimodzi ndi mmene kwathu timatchulira Mhindu, Msilamu ndi Msikh wa ku Limbe ndi dzina limodzi lakuti mmwenye, ngakhale takhala tikugula kwa iwo simenti ndi malata kwa moyo wathu wonse.

Panali kanthu kena kakang'ono kamene kanandikhudza. Mu kachisi wina wa Shiva, mmodzi mwa milungu ya Ahindu, mnzanga analoza mwala wosalala woimirira pakati pa chipinda n'kunena kuti umatchedwa linga. Ndinamuuza kuti m'chinenero chathu linga ndi mpanda wotchinjiriza anthu pa nkhondo, monga mmene dera la pa boma ku Nkhotakota limadziwikira mpaka lero. Mawu awiriwa si apachibale, angofanana kamvekedwe, koma tinaima kanthawi tikuganizira kuti paphiri limenelo mawu amodzi omwewo ankatchula khoma kwa ine ndipo kwa iye ankatchula chimene khomalo linazungulira.

## Nsanja ziwiri

Yankho la funso langa loyamba lija ndinayamba kulipeza pa nsanja ziwiri zimene zimaonekera kutali. Yaikulu ndi Vijay Stambha, nsanja ya chipambano, yotalika mamita 37, ya nsanjika 9 ndi masitepe 157 m'kati mwake. Rana Kumbha, amene analamulira kuyambira 1433 mpaka 1468, anaimanga pokumbukira kugonjetsa kwake Mahmud Khalji wa ku Malwa, ndipo inatha mu 1448. Inaperekedwa kwa mulungu Vishnu, ndipo yadzaza ndi milungu ya Ahindu yosemedwa, yambiri ili ndi dzina lake lolembedwa kunsi ngati m'buku lophunzirira. Pa nsanjika ya pamwamba pali Padmavati wa Ajaini, ndipo pa nsanjika ziwiri pali dzina lakuti Allah m'zilembo za Chiarabu. Chimene chinandisangalatsa ine monga womanga n'chakuti mmisiri wamkulu, Jaita, anasemedwamo pamodzi ndi ana ake atatu, Napa, Puja ndi Poma. Si kawirikawiri kuti dzina la wogwira tchizulo likhale pa nyumba imodzi ndi dzina la mfumu.

Nsanja inayo, Kirti Stambha, ndi yaifupi, ya mamita 22, koma ndi yakale kuposa inzake ndi zaka zoposa 100. Sinamangidwe ndi mfumu ndipo sikumbukira nkhondo iliyonse. Anaimanga ndi wamalonda wa Chijaini dzina lake Jija polemekeza Adinatha, amene waima kumbali zonse zinayi manja ali m'mbali, wopanda chovala, monga mwa mwambo wa gulu la Digambara, limene amonke ake amasiya chilichonse ngakhale nsalu. Kutanthauza kuti pamene mfumu yankhondo inkafuna kudzikumbutsa kwa mibadwo ya m'tsogolo, inali ndi chitsanzo pafupi, nsanja ya munthu wamalonda yolemekeza mphunzitsi wa kusapha.

Apa m'pamene pali mfundo ya nkhaniyi. Mafumu a Mewar anali Ahindu, ndipo ankadzitcha nduna chabe za Eklingji, dzina la Shiva, amene ankati ndiye mwini weniweni wa dzikolo. Koma linga silidya ulemu. Limafuna ndalama zolipira asilikali, tirigu wa m'nkhokwe ndi munthu wodziwa kusunga mabuku, ndipo zimenezi kawirikawiri zinali m'manja mwa Ajaini, amene chipembedzo chawo chinkawakankhira ku malonda chifukwa ulimi umapha tizilombo ta m'nthaka ndipo usilikali umapha anthu. Kachisi wa Shringar Chauri m'linga momwemo, woperekedwa kwa Shantinatha, anamangidwa mu 1448 ndi banja la msungichuma wa Kumbha. Kachisi wotchuka wa ku Ranakpur, wa mizati 1,444, anamangidwa ndi wamalonda wa Chijaini, Dharna Shah, mu ulamuliro wa Kumbha yemweyo. Ku linga la Kumbhalgarh, mwa akachisi oposa 360, pafupifupi 300 ndi a Ajaini. Ndipo pamene Maharana Pratap anasauka pambuyo pa nkhondo ya ku Haldighati mu 1576, mbiri ya Mewar imakumbukira kuti Bhamashah, nduna yake ya Chijaini, ndiye anapereka chuma chake kuti nkhondo ipitirire.

Sindikufuna kuikometsera nkhaniyi kuposa mmene ilili. Ndalama zimene zinasemetsa nkhope zodekha zija ndi zomwezo zinagula akavalo ndi malupanga, ndipo munthu wosefa madzi kuti asameze kachilombo ankagona mwamtendere chifukwa panali wina pachipata wokonzeka kupha. Ajaini eni ake amasiyanitsa lamulo la amonke, limene ndi lokhwima kotheratu, ndi la anthu apabanja, limene limalola kudziteteza. Ine ndimaona kuti kusapha kwawo kunali koona, koma kunkakhala pamthunzi wa khoma, ndipo khomalo linkadziwa kuti popanda iwo silingaime.

## Mwala pa mwala

Nditabwerera ku ntchito yanga yoyang'ana kamangidwe, ndinaona kuti amisiri sanasiyanitse zimene ansembe ankasiyanitsa. Kachisi wa Ahindu ndi wa Ajaini paphiripo ali ndi mafupa amodzi. Pali khonde, kenako holo ya mizati yotchedwa mandapa, ndipo kumapeto kuli kachipinda kamdima kopanda zenera kotchedwa garbhagriha, kutanthauza chipinda cha mimba. Pamwamba pa kachipindako pamakwera nsanja yooneka ngati phiri, shikhara, ndipo pansonga pake pamakhala mwala wozungulira wa mizeremizere ndi kamtsuko. M'dera limenelo muli mabanja a amisiri otchedwa Sompura amene akhala akumangira zipembedzo zonse ziwiri kwa mibadwo yambiri.

Ndinakhala nthawi yaitali khosi lili m'mwamba, ndikuyang'ana denga la holo ina. Mulibe simenti ndipo mulibe khomo lokhota pamwamba ngati la matchalitchi athu akale a njerwa. Zonse ndi mzati ndi mtanda wa mwala. Denga lozungulira analipanga poyala miyala m'mizere yozungulira, mzere uliwonse utalowa m'kati pang'ono kuposa wa pansi pake, mpaka pakati patatsala kabowo kotsekedwa ndi mwala umodzi wolendewera ngati duwa. Chimene chimagwira zonsezo ndi kulemera kwa miyalayo, kusema kolondola kwa malo okumanira ndi tizitsulo tolumikizira. Wosema akaphonya pang'ono pa mzere wa pansi, cholakwacho chimakula mzere uliwonse mpaka pamwamba. Chithunzi cha denga limenelo ndimachionetsa kwa ophunzira anga amene amaganiza kuti matope ochuluka amabisa njerwa yopendekeka.

Akachisiwa sanapulumuke pa nkhondo zija. Nkhope zambiri za m'makoma a kunja n'zophwanyidwa, mphuno ndi manja zinagumulidwa, ndipo m'makoma ena a m'lingamo ndinaona miyala yosemedwa itaikidwa chozondoka ngati mwala wamba. Kusiyana kwake ndi nyumba yachifumu n'kwakuti akachisi anapeza owakonza. Kwa Ahindu ndi Ajaini omwe, kukonzanso kachisi wakale ndi ntchito yopatulika yokhala ndi dzina lake, jirnoddhara. Kachisi wa Samadhishvara, wa Shiva wa nkhope zitatu, ndi wa m'zaka za m'ma 1000, koma Rana Mokal anamukonzanso mu 1428. Pansi pake pali dziwe la Gaumukh, pamene madzi a kasupe amatuluka pamwala wosemedwa ngati kamwa la ng'ombe. Mwa malo 84 osungira madzi amene linga linali nawo kale, atsala pafupifupi 22, ndipo pa limeneli tinapeza anthu atatsika masitepe akusamba m'manja ndi kumaso asanakapemphere. Lero bungwe la boma la Archaeological Survey of India ndilo limayang'anira malowa, ndipo cholinga chake n'kusunga mwala wakale mmene ulili, pamene opembedza amafuna utoto watsopano, magetsi ndi pansi posalala. Monga mphunzitsi wa zomangamanga mtima wanga uli kwa osunga mwala wakale, koma ndinaona ndi maso anga kuti madenga amene adakalipo ndi a nyumba zimene wina amasesa m'mawa uliwonse.

## Wofufuta zikopa

Malo omaliza amene tinafika ndi bwalo la kachisi wa Kumbha Shyam, m'mene mulinso kachisi wamng'ono wodziwika ndi dzina la Mirabai. Mayi ameneyu anakwatiwa mu 1516 ndi Bhoj Raj, mwana wa Rana Sanga, koma anapereka moyo wake wonse kwa mulungu Krishna, kumuimbira nyimbo pagulu mosasamala za malamulo a banja lachifumu, ndipo nyimbo zodziwika ndi dzina lake zikuimbidwabe m'dziko lonse la India. Titafika, amayi angapo anali atakhala pansi akuimba motsitsa mawu, wina akuwomba tizitsulo tating'ono m'manja.

Kutsogolo kwa kachisiyo kuli kachisakasa ka miyala, ndipo pansi pake pali mapazi awiri osemedwa. Mnzanga anati ndi chikumbutso cha Raidas, amene mwambo umanena kuti anali mphunzitsi wa Mirabai. Raidas anabadwira m'banja la ofufuta zikopa ndi osoka nsapato, anthu amene m'kakhalidwe ka nthawi imeneyo ankaonedwa odetsedwa, osayenera kukhudzidwa kapena kulowa m'kachisi. Ndinagwira lamba wanga, amene ndinali nditavalanso, ndipo ndinakumbukira kuti lamulo limene linandivula chikopa m'mawa lili ndi mbali ina. Kwa Mjaini chikopa chimaletsedwa chifukwa cha chifundo pa nyama, koma m'dziko lomwelo kunyansidwa ndi chikopa kunagwera pa anthu ochigwira, ndipo mibadwo yawo inakhala kunja kwa zitseko zokongola zimene ine mlendo ndinalowa nditangovula lamba. Malamulo a dziko la India a mu 1950 anathetsa tsankho limeneli, ngakhale kuti zipsera zake sizinathe. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, pamapazi a wosoka nsapato amene anapatsidwa malo m'bwalo la kachisi wa mafumu chifukwa mkazi wa kunyumba yachifumu anamutcha mphunzitsi wake.

Dzuwa linali litapendeka pamene tinayamba kubwerera ku chipata cha Ram Pol kuti tikapeze basi ya ku Udaipur. Ndinali ndi funso lina limene ndinkafuna kufunsa bambo aja, lakuti amamva bwanji posambitsa m'mawa uliwonse chifaniziro cha chipembedzo chimene si chawo, choncho tinadzera ku Sat Bis Deori. Sitinawapeze, ndipo pakhomo panali mnyamata wina amene ankalondera nsapato. Tikutuluka mumsewu, mnzanga anandigwira mkono n'kuloza. Bambowo anali patali ndithu, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu wolowera kum'mwera, kumene mabelu a Kalika Mata anali atayambanso kulira, ndipo m'dzanja lawo munali kathumba ka nsalu kolemera kunsi.